Kukasaka Nyama ndi Kamera ku Liwonde



Mtsinje wa Shire muudziwa nonse, ngakhale ena mwa inu simunauone ndi maso, pakuti magetsi amene ayaka m'zipatala ndi m'matchalitchi athu achokera m'madzi ache. Utuluka m'nyanja yaikulu ya Malawi pafupi ndi Mangochi, nulowa m'kanyanja ka Malombe, nutulukanso cha kumwera. Ndipo kuchokera pamenepo kufikira pa mlatho wa Liwonde uyenda pang'onopang'ono, wopanda mkokomo, ngati nkhalamba yopita kumunda. Pa mlathopo pali zitseko zochinga madzi, zimene zidamangidwa m'chaka cha 1965, kuti madzi opita ku mathithi a Nkula ndi Tedzani aziyenda ndi muyeso. Tsono dziko la kum'mawa kwa mtsinje, pakati pa Malombe ndi mlatho, Boma lidalipatula m'chaka cha 1973 kuti likhale la nyama za m'thengo. Kukula kwache ndi masikweya kilomita 548.

Kumeneko ndiko tidapita ife anai m'mwezi wa October, kukasaka nyama ndi kamera. Woyambitsa nkhani adali mnyamata uja amene ajambula zithunzi pa maukwati ndi pa maubatizo pa mishoni pathu. Adagula kwa mnzache kamera yakale ya diso lalitali, nati watopa ndi kujambula anthu oima njo ngati mitengo ya mpanda. Wachiwiri adali mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya ana, amene waphunzitsa za njobvu ndi chipembere zaka 20 osaziona. Wachitatu mwini sitolo, mkulu wa mpingo, amene adapereka galimoto yache. Wachinai ine, wonyamula foni ya m'manja ndi kabuku kolembamo. Tidasonkha ndalama miyezi itatu. Pa chipata mwana wa dziko lino alipira pang'ono poyerekeza ndi mlendo wa kunja, malinga aonetse chitupa chache; chimene chidya ndalama ndi mafuta a galimoto, malo ogona ndi boti.

Padali chopinga chimodzi. Masiku amene anthu ena awatcha opumula ndiwo masiku a nchito kwa mphunzitsi wa mpingo: Loweruka aphunzitsa akatekumeni, Lamulungu atsogolera mapemphero kumene wansembe sadafike. Bambo Mfumu adabvomera pempho langa, koma adaikapo mau awiri, kuti ndipeze wondigwirira nchito, ndi kuti nthawi ya Misa isatipeze m'thengo. Ndilemba ichi chifukwa cha anyamata a ku tauni amene ayesa kuti ulendo uchotsa lamulo lachitatu. Tidapangana tsono kunyamuka Lachisanu masana, kukhala m'nkhalango Loweruka lonse, ndi kutuluka msanga Lamulungu kukamva Misa ku tauni ya Liwonde.

Tidalowa pa chipata cha kumwera dzuwa litapendeka, ndipo tidamanga mahema athu pafupi ndi phiri la Chinguni. Kudali kotentha kwabasi, monga kutentha kwa chigwa cha Shire mvula isanagwe. Mphepo yomwe idali ngati yotuluka m'ng'anjo. Titadya, tidachita kolona chonong'ona, pakuti udali mwezi wache, ndipo tisanatsirize mvuu zidayamba kulira kumtsinje, imodzi kuno, ina kuyankha kutsidya, ngati akuluakulu alikuseka pa bwalo. Pakati pa usiku fisi adadutsa kumbuyo kwa mahema. Mwini sitolo, munthu amene saopa wangongole ali yense, adafunsa ndi liu laling'ono ngati nsalu ya hema ili yolimba.

Tambala woyamba kulibe kumeneko. Chidatidzutsa ndi nkhwali. Kusanache tidakwera galimoto pamodzi ndi wotiperekeza, munthu wodziwa nkhalango, amene tidampempha pa chigono. Mnyamata wa zithunzi adaombetsa manja nati: "Aphunzitsi, lero inu ndi Ahedi ndinu akatekumeni anga." Ndipo adatiphunzitsadi, ndi mtima wonse. Adati kuwala kwabwino kuli kawiri pa tsiku, dzuwa litangotuluka ndi pamene lili pafupi kulowa. Masana liomba kuchokera pamutu, nyama ichita mdima kumaso, ndipo thengo lonse lituluka lotumbuluka. Adati dzuwa likhale kumbuyo kwa wojambula. Adati injini ya galimoto izimitsidwe, chifukwa kunjenjemera kwache, kumene thupi silikusamala, diso lalitali la kamera likukulitsa, ndi chithunzi chituluka chachimbuuzi. Adatulutsa kathumba ka nyemba kamene mai wache adamsokera, nakaika pa zenera, natsamiritsa kamera pamenepo. M'kati mwa kamera muli kachitseko kamene katseguka ndi kutsekeka m'kuphethira kwa diso. Nyama yoima ilola kuti kachedweko pang'ono, koma mbalame youluka ifuna kuti katseguke gawo limodzi lokha la magawo 1,000 a sekondi. Potsiriza adati: "Funani diso la nyama. Diso likaoneka bwino, zina zonse anthu akhululuka." Za foni yanga adandiuza mosabisa kuti ikhoza dambo, mitengo ndi mtsinje, koma mbalame ya patali ndingoisungira m'mutu.

M'dambo la m'mbali mwa mtsinje tidapeza anakodzwe ambirimbiri, ali yense ndi mzere woyera wozungulira kumatako, ngati wakhala pa chibekete cha njereza. Nswala zidali kudya pakati pao, ndi anyani adali kutola zipatso pansi pa migwalangwa. Njiri zidali kudya chogwada, pakuti njiri ipinda miyendo yakutsogolo pofukula mizu. Ndipo mwini sitolo, mantha a usiku atamchoka, adati pali Akristu ena amene akadaphunzira kwa njiri. Titayandikira zidathawa, michira ili chiriri m'mwamba. Mnyamata adajambula kosaleka. Ife akulu tidafuna kupitirira, kufunsa za mkango, koma wotiperekeza adatilowetsa m'nkhalango ya mitengo ya tsanya, naimitsa galimoto pa malo opanda kanthu, nati tikhale chete.

Tidakhala pamenepo pafupifupi ora lathunthu. Mitengo ya tsanya idali itayoyola masamba, nthaka idali yong'aluka, ntchentche zidatizinga. Ahedi adayang'ana wotchi kawiri. Wotiperekeza adatilozera pansi: mapazi ozungulira ngati malichero ang'ono, ndowe za dzulo, khungwa la mtengo losendedwa kufikira pamene munthu sangafike ndi dzanja. Iyi ndiyo njira yao yopita kumadzi, adatero, ndipo dzuwa likakwera zidzadza. Ndidakumbukira agogo anga, amene adali mlenje, akunena kuti nyama ipezedwa ndi matako, ndiko kuti ndi munthu wodziwa kukhala pansi.

Zidafika zopanda phokoso. Ichi ndicho chidandidabwitsa koposa: chinyama cholemera chotere chiponda ngati mphaka, chifukwa kunsi kwa phazi lache kuli mnofu wofewa wonga khushoni. Tidangoona mitengo yotuwa ilikusuntha, ndipo tidazindikira kuti ndi miyendo. Patsogolo padali njobvu yaikazi yaikulu, pakuti banja la njobvu litsogozedwa ndi gogo wamkazi, monga mbumba ya kwathu. Amuna akakula achoka, nayenda okha kapena ndi amuna anzao. Tidaziwerenga 14. Pakati pao padali kamwana kamene kadali kukwanabe kunsi kwa mimba ya mai wache, chizindikiro chakuti sikadakwanitse chaka. Mai ameneyo adakanyamula m'mimba miyezi 22. Gogo uja adaima pakati pa mseu, natembenukira kwa ife, natambasula makutu, nakweza chitamba kununkhiza. Wotiperekeza adanong'ona kuti asagwedezeke munthu. Ndidamva mtima wanga m'makutu, ndi pambali panga kamera ya mnyamata ilikulira tche, tche, tche. Gogo adaima pomwepo kufikira onse a m'banja lache ataoloka, ndipo pamenepo adatsatira pambuyo pao.

Yotsiriza kuoloka idali ndi chitamba chachifupi, chodukira chapakati. Mnyamata adatsitsa kamera, nati chithunzi chotere palibe angachikonde. Ahedi adati: "Jambula, mphwanga, chimenecho ndicho ndidzaonetse ana anga." Wotiperekeza adatifotokozera kuti idakodwa mu msampha wa waya ikali yaing'ono, ndipo idaphunzira kudya ndi kumwa ndi chotsalacho.

Pano ndiyenera kuima pang'ono, ndinene za msampha umenewu. Makolo athu adali kusaka nyama, ndipo palibe tchimo pamenepo. Koma uzimba udali ndi nyengo yache, udali ndi chilolezo cha mfumu, ndipo nyama yophedwa idali kugawidwa mudzi wonse. Waya alibe nyengo, ndipo sasankha. Munthu atchera mawaya 50 kufuna nswala imodzi, nabwerera kukaona ochepa. Otsalawo apha mphalapala, njati, mwana wa njobvu, ndi nyamazo ziolera m'thengo popanda wozidya. Pofika chaka cha 2015 nkhalango ya Liwonde idali yodzala ndi mawaya otere. Mikango idatha, miimba yomwe idasowa. M'chaka chimenecho Boma lidapangana ndi bungwe la African Parks kuti liyendetse malowa pamodzi ndi nthambi ya Boma yoona za nyama. Alonda, amene anthu a m'midzi awatcha agemu, adazula mawaya zikwi makumi angapo, ndipo mpanda wa magetsi udamangidwa kuzungulira. M'chaka cha 2017 lamulo la nyama lidakhwimitsidwa, kotero kuti wopha njobvu kapena chipembere akhoza kukhala m'ndende kufikira zaka 30.

Pambuyo pache nyama zotayika zidayamba kubwezedwa. M'chaka cha 2017 adabwera nazo kuchokera ku South Africa nyama zija za mawanga ndi miyendo yaitali, zimene Azungu azitcha cheetah, ena kwathu ati akakwiyo, zothamanga kuposa nyama zonse za pamtunda. Zidali zitasowa m'Malawi zaka 20. Mikango idafika mu 2018, zipembere 17 mu 2019 kudzaonjezera pa zimene zidalipo chiyambire 1993, ndi mimbulu mu 2021. Ife sitidaone ngakhale imodzi mwa izi, ndipo amene apita kumeneko adziwiretu kuti nkhalango si khola. Chimene tidaona ndi miimba, yoposa khumi, ilikuzungulira m'mwamba kutali. Wotiperekeza adakondwa nayo ngati waona mkango umene, nati miimba idabwerera yokha, popanda woitenga pa ndege, chifukwa zilombo zolusa zitayambanso kupha, iyo idapezanso chakudya.

Dzuwa litafika pamutu, kuwala kutaipa, wotiperekeza adafunsa ngati tifuna kuona mlambe wa akhate. Ndi mlambe waukulu wa mphako, umene uli cha kumwera komweko. Adatilola kutsika galimoto, iye ali patsogolo. Pa thunthu pali kakhomo kopapatiza, ndipo woika mutu wache m'katimo, maso akazolowera mdima, aona mafupa a anthu ndi zibade. Kale anthu a kuno adakhulupirira kuti wakhate akaikidwa m'nthaka aipitsa nthaka, ndipo akufa ndi nthenda imeneyi adali kuwaponya m'mphakomo, opanda manda, opanda mwambo wa maliro.

Palibe adalankhula. Mnyamata adakweza kamera monga mwa chizolowezi cha dzanja lache, naitsitsanso yekha. Tidabvula zipewa, ndipo ndidatsogolera pemphero la akufa. Sindiweruza makolo amene adachita ichi; adali ndi mantha a nthenda imene sadadziwe chiyambi chache kapena mankhwala ache. Koma ndidaganiza za Damiano woyera, wansembe wa ku Belgium, amene adakhala pakati pa akhate pa chisumbu cha Molokai kufikira adafa ndi khate lomwelo m'chaka cha 1889. Ndi za asisteri ndi abambo amene adatsegula chipatala cha akhate ku Mua m'chaka cha 1927, ndi china ku Utale, kutsidya kwa mtsinje womwewu. Lero khate lichizika ndi mankhwala akumwa, operekedwa ulere m'zipatala, ndipo woyamba kumwa msanga sapunduka. Ngati m'mudzi mwanu muli munthu wa banga lotumbuluka pakhungu, losamva kukhudza, musambise m'nyumba, mperekezeni kuchipatala.

Mlambe umenewu udatikumbutsanso chinthu chimene zithunzi za m'makalendala sizinena, kuti m'nkhalango muno mudali midzi. Mudali minda, madambwe a ana osewera, madooko a asodzi.

Chakumadzulo tidakwera boti. Amene afuna zithunzi zabwino za ku Liwonde asaumire ndalama ya boti, pakuti pamadzi munthu akhala pansi, maso ache alingana ndi maso a nyama, ndipo nyama siziopa boti monga ziopa munthu woyenda. Mtsinje pamenepo ndi wotambalala, m'mbali mwache muli bango ndi gumbwa, kumbuyo kwache mivumo yaitali yoima ngati nsanamira za tchalitchi. Mvuu zili pafupifupi 2,000 m'chigawo chimenechi, ndipo sitidayende mphindi zisanu osakomana ndi gulu lina. Zionetsa makutu, maso ndi mphuno zokha. Zikamira zikhoza kukhala pansi mphindi zisanu. Usana zibisala m'madzi chifukwa khungu lao silipirira dzuwa, usiku zituluka kukadya udzu. Mnyamata adalakalaka mvuu yoyasamula, ndipo adaipeza, kamwa lofiira ndi mano onga zikhomo za khasu. Woyendetsa boti adamchenjeza kuti kuyasamula kumeneko ndi kuopseza, ndipo adapatutsa boti pompo. Ng'ona zidali gone pamchenga, kukamwa kuli yasa kuti thupi lizizire. Imodzi idali yaitali kuposa theka la boti lathu.

Ku seminale adatiwerengetsa buku la Yobu, m'mene Mulungu, pofuna kuyankha munthu wodandaula, amuonetsa zilombo ziwiri zazikulu, pa mutu 40 ndi 41. Ndipo omasulira ambiri ati ndizo mvuu ndi ng'ona. Ndili mnyamata ndidayesa kuti ndi yankho lachilendo kwa munthu wa zilonda. Pa boti paja, mvuu itabvuuka mikono isanu kuchokera pamene ndidakhala, nipemerera madzi m'mphuno, ndidamvetsa pang'ono chifukwa chache Yobu adagwira pakamwa.

Nkhwazi ndiyo idatibvuta. Idakhala pa nthambi youma, mutu ndi chifuwa zoyera mbee, mapiko akuda, ndipo pafupi pache padali inzache yokulirapo, ndiyo yaikazi. Zikalira ziponya mutu kumbuyo, imodzi kuyamba, ina kulandira. Mnyamata adafuna kuijambula ikutola nsomba. Tidadikira, boti litazimitsidwa, dzuwa lilikutsika. Itatsika nkhwazi, iye adali kusintha batire. Adagwira kumutu, ife tidaseka mpaka misozi, ndi woyendetsa boti adamtonthoza kuti Azungu a makamera a mtengo wa galimoto achita chimodzimodzi sabata ndi sabata. Pobwerera tidapeza njobvu zitatu zazimuna zilikuoloka mtsinje, thupi lonse m'madzi, zitamba zokha zili m'mwamba, dzuwa lofiira kumbuyo kwa mivumo. Pamenepo lamulo lija la dzuwa kumbuyo kwa wojambula lidaswedwa, ndipo chidatuluka chithunzi choposa zonse za ulendo wathu. Ngakhale foni yanga idakhoza.

M'chigwa chomwechi adadutsa David Livingstone m'chaka cha 1859, popita kukaona nyanja, pa nthawi imene minyanga ya njobvu ndi akapolo oinyamula zidali kutsikira ku gombe pamodzi. Ndipo kumtunda kwache, kupitirira Malombe, kwa mfumu Mponda, ndiko adafika Abambo Oyera oyamba kumapeto kwa chaka cha 1889. Adatsegula kasukulu, nachiza odwala, koma malungo ndi mkangano wa Angerezi ndi Apwitikizi zidawachotsa m'chaka cha 1891, napita ku Mambwe. Padapita zaka 10 kuti abambo a Montfort afike ku Nzama mu 1901. Ndidauza anzanga izi boti lilikuyenda, ndipo tidayang'ana kumpoto kumene madzi achokera.

Usiku, tili pa moto, adadza mlonda wa pa chigono, bambo wachikulire wa m'mudzi wina wa m'mbali mwa mpanda. Mnyamata adamuonetsa zithunzi pa kagalasi ka kumbuyo kwa kamera. Mkuluyo adayang'anitsitsa gogo uja wa makutu otambasula, naseka pang'ono, nati: "Njobvu yanuyi njokongola, mwana wanga. Ya m'munda mwanga idali ina." Ndipo adatisimbira. Makolo ache adali kukhala m'kati muno chisanafike chaka cha 1973, ndi manda a agogo ache ali momwemo. Mpanda usanamangidwe, chimanga chikayamba kukhwima, amuna adali kugona pa nsanja m'minda, kuomba zitini ndi kuyatsa moto usiku wonse. Koma njobvu yaikulu idya makilogalamu oposa 100 pa tsiku, ndipo gulu likalowa, nchito ya chaka chonse itha kusanache. Anthu adafa m'minda mwao, ena pamtsinje ndi ng'ona. Tsopano, adatero, kugona kulipo. Komabe zazimuna zina zaphunzira kugwetsera mtengo pa waya, kapena kumkoka ndi minyanga. Ena a m'mudzi mwache alima tsabola wowawa m'malire, ena apachika ming'oma ya njuchi, pakuti njobvu idana ndi zonse ziwiri, ndipo tsabola ndi uchi agulitsa. Mwana wache mmodzi ali pa nchito ya ulonda wa nyama. Sadatamande, sadatukwane, adanena monga munthu anena za mnansi wobvuta amene sangathe kusamuka.

Ahedi adafunsa za njobvu zosamutsidwa. Zidachuluka kuno koposa 800, m'malo osakwanira, ndipo m'zaka za 2016 ndi 2017 zoposa 500 zidatengedwa ku Liwonde ndi ku Majete kupita ku nkhalango ya Nkhotakota. Azilasa ndi mankhwala ogonetsa kuchokera mu helikopita, banja lonse pamodzi kuti ana asasiyane ndi amai ao, nazikweza ndi makina chozondoka, miyendo m'mwamba, naziika m'magalimoto akulu. Mu 2022 zina 263 zidapita ku Kasungu. Dziko lonse lapansi lidaona zithunzi za nchito yodabwitsayi. Koma owerenga athu a ku Kasungu ndi a kutsidya kwa malire ku Zambia adziwa zotsatira zache, kuti zina zidatuluka kulowa m'minda, ndipo anthu adaphedwa. Maliro amenewo sadajambulidwe ndi ambiri. Ndipempha mabanja amene achita kolona madzulo awakumbukire.

Tidakangana pang'ono usiku umenewo. Mwini sitolo adati nyama zibweretsa alendo, alendo abweretsa ndalama, ndipo nkhani yatha. Ahedi adati ndalama ilowa pa chipata, koma njobvu ituluka pa mpanda, ndipo zipata ziwirizi sizili pa khomo la munthu mmodzi. Ine ndidaima pakati, osati chifukwa cha mantha. Eklezia atiphunzitsa kuti zolengedwa zidaikizidwa kwa ife kuti tizisunge. Papa Yohane Paulo wachiwiri adaika Fransisko woyera wa ku Assisi kukhala nkhoswe ya osamala chilengedwe m'chaka cha 1979. Koma Papa Fransisko, m'kalata yache ya Laudato Si' ya 2015, adalimbikira kuti kusamala dziko ndi kusamala amphawi ndi nchito imodzi yosagawika. Chifukwa chache sindingathe kukondwera ndi wotchera waya, ndiponso sindingathe kuuza mai wamasiye amene munda wache wapondedwa kuti apirire chifukwa alendo akonda njobvu. Mlonda adamvetsera zonsezi mwaulemu, natsazika, napita kukazungulira mahema ndi tochi yache.

Lamulungu tidadzuka kukali mdima, tidapasula mahema, ndipo tidayenda pang'onopang'ono kulinga kuchipata. Tidaona mphalapala imodzi yamphongo, yakuda bii, nyanga zopindikira kumsana, itaima pakati pa mitengo nthawi yokwanira zithunzi zitatu. Pafupi ndi chipata mseu uyandikana ndi mpanda. M'kati mudali nswala zilikudya. Kunja, mikono yowerengeka, amai awiri adali kupita kumadzi ndi ndowa pamutu, podutsa m'munda wolimidwa kale mizere kudikira mvula, ndi kamwana kambuyo kwao. Mnyamata adajambula nswala, nasuntha kamera kuti waya asaonekemo. Ahedi adamgwira paphewa nati abwerere m'mbuyo ndi diso la kamera, alowetse zonse, nswala, waya, mizere ndi amai aja. Tidatsika kunja kwa chipata kukawapempha chilolezo, pakuti munthu sajambulidwa ngati nyama. Adabvomera ndi kuseka, napempha kuti tidzawatumizire chao. Misa tidaipeza isanayambe, pfumbi lili m'tsitsi.

Mnyamata adabwera ndi zithunzi zoposa 900, ndipo atazisankha adasunga 30. Kwa mabanja ndi magulu a mpingo amene afuna kupita, nyengo yabwino ndi ya chilimwe, kuyambira June kufikira October, pamene udzu wafupika ndi nyama zisonkhana kumtsinje; m'dzinja miseu yambiri ya m'katimo ichita matope osapitika. Tengani madzi akumwa okwanira, masikito ndi chipewa. Ana asatuluke m'galimoto, asayandikire madzi, ndipo asaponyere anyani chakudya. Zithunzi 30 zija tazipachika m'holo ya mishoni, cha njobvu ya chitamba chachifupi ndi cha pa mpanda zili pakati, ndipo zidzakhala pomwepo kufikira Lamulungu loyamba la Adventi. Pambuyo pache Ahedi adzazitenga kusukulu.